Dzina Limodzi, Matenda Ambiri

Azakhali anga amathyola tiyi kufupi ndi Ruda, ku Honde Valley, kumene agogo athu anakhazikika atachoka ku Mulanje. Chaka chatha kuyabwa kumaliseche kunawavuta kanayi. Kanayi konseko anagula fluconazole, koma osachira. Amuna awo anayamba kuwakayikira. Nditawafunsa, anangoti: "Ndi mauka, mwanangu."

Ine ndimamasulira zolemba za umoyo, ndipo mawu amenewa ndikuwaimba mlandu. M'thumba la "mauka" taponyamo zonse: trichomonas wopatsirana pogonana, kusokonezeka kwa mabakiteriya a kumaliseche, ndi mafangasi a Candida. Candida nayenso ali ndi mitundu. Wofala ndi Candida albicans, amene kawirikawiri amagonja ku fluconazole kapena clotrimazole. Candida glabrata, amene amapezeka kwambiri mwa amayi odwala shuga, nthawi zambiri samva fluconazole. Candida krusei ndiye samumva n'komwe mwachibadwa. Mu 2022 bungwe la WHO linaika mitundu itatu yonseyi pamndandanda wa mafangasi ofunika kuwasamala. Ife tikadali ndi dzina limodzi.

Dzinalo limabweranso ndi chitonzo. Amayi pafupifupi 3 mwa 4 alionse amadwalapo Candida pamoyo wawo, ngakhale amene sanagonepo ndi mwamuna. Fangasiyu amakhala kale m'thupi. Amangochuluka mpata ukapezeka. Mpatawo amaupereka ndi mimba, maantibayotiki, shuga wokwera, ndi chitetezo chofooka monga cha HIV yosalandirira mankhwala. Kutsuka mkati ndi sopo kapena kuikamo zitsamba kumangowonjezera moto. Chiwerewere chili pati apa?

Ena amati anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono alibe maikulosikopu, choncho amapereka mankhwala poona zizindikiro. N'zoona, ndipo kwa wodwala koyamba njirayi imathandiza. Koma mayi wobwera kachinayi ndi vuto lomwelo ayenera kuyezedwa shuga ndi HIV, chikazi chake chitumizidwe kukapimidwa. Azakhali atayezedwa ku Mutare, anawapeza ndi shuga amene sankamudziwa.

Omasulira anzanga, tisamalembe "mauka" paliponse chifukwa ndi mawu apafupi. Tilembe kuti ndi fangasi, kuti ali ndi mitundu, kuti mankhwala ake amasiyana. Chiganizo chidzatalika, inde. Koma azakhali anga ulesi wathuwo anaulipira ndi chaka chathunthu cha kuyabwa, ndipo banja lawo linatsala pang'ono kutha.