LAMYA SIZULA DZINO

Abale ndi alongo a m'makomboni, palibe mwa ife amene sadziwa ululu wa dzino. Munthu acezera usiku wonse, ndipo m'mawa ayenera kusankha: kupita ku nchito ndi tsaya lotupa, kapena kutaya malipiro a tsikulo ndi ndalama ya basi kukaima pa mzere ku cipatala. Masiku ano kuli njira yakuti wodwala alankhule ndi dotolo wa mano pa lamya, namtumizira cithunzi ca m'kamwa mwace. Ife titi njirayi njabwino, koma tidziwe malire ace.

Dziko la England linaiyesa kwambiri njira imeneyi. Pa 25 March 2020, cifukwa ca mliri wa Covid-19, madotolo a mano kumeneko analamulidwa kuleka nchito yao ya masiku onse. Wodwala anali kuimba lamya, napatsidwa zinthu zitatu: malangizo, mankhwala oletsa ululu, ndi maantibayotiki. Amene anali pangozi okha ndiwo anatumizidwa ku zipatala zapadera. Zitseko zinayamba kutsegulidwanso pa 8 June. Nanga cinaoneka nciani? Kuyambira April kufikira July caka comweco, maantibayotiki olembedwa ndi madotolo a mano anacuruka ndi 25 pa 100 kuposa miyezi yomweyo ya 2019. Anthu anamwa mapiritsi, koma dzino lobvunda linatsala m'kamwa.

Mapiritsi sacotsa gwero la mafinya. Dzino lotere lifuna dzanja la dotolo, kuti alizule kapena alitsuke m'kati. Ndiponso kumwa maantibayotiki kawirikawiri kulimbitsa tizirombo, kotero kuti tsiku la matenda akulu mankhwalawo sagwiranso nchito.

Kodi tsono lamya njacabe? Iai. Pa mgodi kalaliki sakumba mwala, koma ndiye adziwa kotumiza munthu aliyense. Ndi momwenso lamya. Dotolo akamva mau anu naona cithunzi, akhoza kunena ngati muyembekeze tsiku lina kapena muthamange tsopano lino.

Sungani izi pamtima. Cotupa cikatsikira kunsi kwa cibwano ndi ku khosi, thupi likatentha, pakamwa pakakana kutseguka, kumeza kapena kupuma kukabvuta, musayembekeze kuti kuce. Pitani ku cipatala ola lomwelo, pakuti cotupa cotere citseka mmero ndipo cipha. Dzino la munthu wamkulu likaguluka pa ngozi ya njinga kapena pa mpira, ligwireni kumutu osati ku muzu, libwezereni pamalo pace kapena liikeni mu mkaka, nimufike kwa dotolo ola lisanathe. Dzino loyamba la mwana salibwezera ai. Mau ngati awa akafika msanga pa lamya, apulumutsa dzino, kapenanso moyo.

Kuno kwathu madotolo a mano ngocepa, ndipo ambiri ali m'mizinda yaikulu, ngakhale kuti Copperbelt University ku Ndola iphunzitsa ana athu nchitoyi. Cifukwa cace tifuna kuti namwino wa pa kiliniki ya ku Chawama kapena ku Chimwemwe akhale ndi njira yotumizira cithunzi kwa dotolo wa ku cipatala cacikulu, nalandira yankho wodwala ali pomwepo. Munthu wa nchito asamayende ulendo wacabe.

Koma tinena poyera kwa akulu oyang'anira za umoyo: kumbuyo kwa lamya iliyonse kukhale mpando wa dotolo, ndi tsiku lodziwika limene wodwala adzakhalapo. Tikana kuti wolemera azikhala pa mpando m'tauni, pamene wa m'komboni angopatsidwa nambala yoimba ndi mapiritsi. Dzino la bwana ndi la wanchito liwawa cimodzimodzi.