Ndalama za Khonsolo Ziwerengedwe Poyera: Kalata ya Abusa

Kwa akhristu a m'mipingo yathu, kwa olemekezeka makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, kwa mafumu athu, kwa ogwira ntchito m'makhonsolo, ndi kwa anthu onse akufuna kwabwino.

Ife abusa anu a m'mipingo yosiyanasiyana mumzinda wa Blantyre ndi maboma oyandikana nawo tagwirizana zokulemberani pa nkhani imene sikonda kumveka paguwa, nkhani ya ndalama za makhonsolo. Tikamakamba za boma, ambirife maso amathamangira ku Capital Hill. Koma boma limene mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe, wa Ndirande kapena wa Lunzu amakumana nalo tsiku ndi tsiku ndi lija limabwera m'mawa ndi kabuku ka ziphaso m'manja. Asanagulitse ngakhale mulu umodzi, mayiyu wamasula kale mfundo ya pachitenje n'kudula chiphaso. Malonda ayende, asayende, mawa adulanso. M'misika yathu yambiri mayi yemweyu akafuna kudzithandiza amalipiranso pakhomo la chimbudzi chopanda madzi, ndipo mvula ikagwa amayala thumba lake pamatope, pafupi ndi mulu wa zinyalala umene wakhala pomwepo masabata angapo. Funso lake ndi lalifupi: ndalama yanga imapita kuti? Kalatayi tailemba chifukwa funsoli ndi loyenera, ndipo silinayankhidwe.

Dziko lathu linalonjeza kale kuti mayankho a mafunso otere azipezeka pafupi. M'chaka cha 1998 boma linakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono, ndipo ambiri mukukumbukira mawu aja ankamveka pawailesi, akuti Mphamvu ku Anthu. Makhansala oyamba mu ulamuliro wa zipani zambiri anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china chinangokhala chikuzengerezedwa mpaka mu 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zonsezo makhonsolo ankatolera misonkho ndi kugwiritsa ntchito ndalama popanda munthu wosankhidwa ndi anthu a m'wodi woti aziyang'anira. Mkati mwa zaka zomwezo munabadwa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, mu 2006, ndipo mu 2010 lamulo linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'khonsolo.

Zaka zimenezo zinatisiyira chizolowezi chimene chikutivutitsabe. Tinaphunzira kuti mlatho ukagumuka, mjigo ukafa, denga la sukulu likasasuka, tizipita kunyumba kwa phungu. Ndipo phunguyo akabweretsa malata timavina, n'kumamuyamika ngati wagula ndi ndalama za m'thumba mwake, chonsecho ndi msonkho wathu womwe. Mu May 2025 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti aphungu sayenera kuvota m'khonsolo kapena kuyendetsa thumba la CDF, chifukwa munthu sangakhale wogwiritsa ntchito ndalama ndiponso wofufuza mmene ndalamazo zayendera. Ife sitikulowerera za makhothi kapena za zipani. Tikungoti mfundo imeneyi ndi yodziwika ngakhale mumpingo wa kumudzi: msungichuma sawerenga yekha chopereka.

Tisanadzudzule makhonsolo, tinene chilungamo cha mbali yawo. Makhonsolo amadalira ndalama zotolera okha, monga msonkho wa nyumba ndi malo m'mizinda, ziphaso za m'misika ndi malaisensi a bizinesi, kenako ndalama zochokera ku boma kudzera ku komiti yoona za ndalama za makhonsolo ya NLGFC, ndi thandizo la mabungwe akunja. Ndondomeko ya 1998 inati boma lizipatula 5 peresenti ya ndalama zimene latolera m'dziko muno kuti zipite ku chitukuko cha m'makhonsolo. Bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula chaka ndi chaka kuti mlingo umenewu sufikidwa, ndipo zochepa zimene zavomerezedwazo zimafika mochedwa. Kuchedwa kumeneku si nkhani ya m'mapepala ayi. Ndiko kumachititsa kuti ambulansi iime pachipatala yopanda mafuta, achibale a mayi wodwala n'kumasonkherana kuti agule mafutawo. Ndiko kumachititsa kuti odwala ogonekedwa adye kamodzi patsiku. Ndipo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa simenti, malata ndi mafuta unakwera, koma bajeti za makhonsolo zinali zitakonzedwa kale pa mitengo yakale.

Chinanso chochititsa manyazi n'chakuti pakati pa amene ali ndi ngongole zikuluzikulu za msonkho wa nyumba m'mizinda muli maunduna ndi nthambi za boma lomwelo. Wogulitsa makala akalephera kudula chiphaso amalandidwa thumba lake tsiku lomwelo, pamene nyumba zosanjikizana zimakhala zaka osalipira, palibe wogogoda pakhomo. Inu akuluakulu a boma, lipirani ngongolezi, ndipo ndalama zimene Nyumba ya Malamulo yavomereza zizifika m'makhonsolo pa nthawi yake komanso zonse. Pempho lomweli likupita kwa eni makampani, ndi kwa mipingo imene ili ndi nyumba zobwereketsa ndi mabizinesi ena.

Komabe kuchepa kwa ndalama sikungafotokoze zonse. Malipoti a mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma akhala akutchula zinthu zofanana m'makhonsolo ambiri: ndalama zotuluka popanda mapepala ozichitira umboni, mafuta a galimoto osalembedwa m'mabuku, ntchito zolipiridwa zimene sizinathe. Izi anthu akumudzi safuna lipoti kuti azidziwe. Amazidziwa poona mdadada wa sukulu umene unaima pamazenera. Njerwa anaumba okha, mchenga anatuta okha pamutu kuchokera kumtsinje, anyakwawa anachita kulemba mayina a amene sanabwere ku chitukuko. Kontirakitala anabwera, anamanga mpaka pamazenera, kenako osaonekanso. Lero mkati mwa chipindacho mwamera chisoso, mbuzi zikusewera pakhonde, ana akuphunzirabe pansi pa mtengo wa mango. Mukafunsa kuti ntchitoyo inali ya ndalama zingati, komiti ya chitukuko ya m'mudzi siidziwa, a komiti ya sukulu sadziwa, mwina ngakhale khansala sadziwa. Kodi anthu amenewa tidzawaitanenso bwanji kuti adzaumbe njerwa zina?

Pali nkhani m'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 12, imene tikufuna mukaiwerenge m'nyumba zanu. Mfumu Yowasi inalamula kuti ndalama zimene anthu ankabweretsa zikonzere Nyumba ya Mulungu. Zaka zinapita, ndalama zikulandiridwa, koma ming'alu ya m'makoma ili chikhalire, ndipo olandira ndalamawo anali ansembe. Chimene chinasintha zinthu si ulaliki waukali. Wansembe Yehoyada anatenga bokosi, n'kuboola chivundikiro chake, n'kuliika pamalo oonekera. Likadzaza, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankabwera onse awiri, kuwerenga ndalamazo, kuzimanga m'matumba ndi kuzipereka kwa oyang'anira ntchito, amene ankalipira amisiri a matabwa ndi a miyala. Nkhaniyo imanenanso kuti oyang'anirawo sankafunsidwanso za ndalamazo popeza anali okhulupirika. Tikanakonda kuti makhonsolo athu afike pamenepo, koma chikhulupiriro chotere chimadza anthu akaona kuti khoma lakonzedwadi.

Choncho inu a Meya, inu apampando a makhonsolo, inu mabwanamkubwa ndi akulu oyendetsa mizinda, ikani bokosi poyera. Pachipata cha msika uliwonse pakhale bolodi yolembedwa m'chilankhulo cha anthu a pamalopo, yonena ndalama zimene zatoleredwa mwezi watha ndi zimene zabwerera mumsikamo kudzakonza chimbudzi, madzi, magetsi ndi kuchotsa zinyalala. Pamalo pamene pakumangidwa chipatala, mlatho kapena sukulu pakhale chikwangwani chonena mtengo wa ntchitoyo, thumba limene ndalamazo zachokera, dzina la kampani yomanga ndi tsiku limene ntchito iyenera kutha. Bajeti ya khonsolo ifupikitsidwe kuti ikwane patsamba limodzi kapena awiri. Mabolodi a m'matchalitchi mwathu ndi otsekuka kuti mudzaimatepo. Izi sizifuna thandizo lochokera kunja. Ndipo si chifundo chimene tikupempha: lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo lamulo la maboma ang'ono limati misonkhano ya khonsolo ikhale yotsekukira anthu ndi atolankhani.

Za maalawansi tinena mwachidule. Msonkhano wokambirana za zinyalala za mumzinda ungathe kuchitikira muholo ya khonsolo. Sufuna hotelo ya kunyanja.

Tikulemba zimenezi tikukumbukira maliro amene tinayendetsa. Kolera amene anayamba mu March 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsekulidwa. Kolera amayenda ndi madzi oipa, zimbudzi zosefukira ndi ngalande zotsekeka. Tisanapukute misozi, mu March 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Pambuyo pake tinamva ena akuti anthuwo anamangiranji m'phiri. Funso loyamba likanakhala lakuti malo ena oti munthu wolandira malipiro ochepa n'kupeza anali kuti? Nanga pamene maziko ankakumbidwa m'malo oletsedwa, chaka ndi chaka, masana dzuwa likuswa mtengo, oyang'anira mapulani a mzinda anali kuti? Mphepo ndi mvula sizili m'manja mwa khonsolo. Koma kugawa mapuloti otsika mtengo, kuteteza mitengo ya ku Soche, Ndirande ndi Michiru, kuyeretsa ngalande mvula isanayambe, kuletsa kuthira zonyansa mumtsinje wa Mudi, kukonza galimoto zonyamula zinyalala kupita ku Mzedi, zonsezi zimagamulidwa pa msonkhano wa bajeti. Makhansala akamakweza manja kuvomereza bajeti, adziwe kuti pamapepalapo pali miyoyo ya anthu.

Pa nkhani ya mavenda ndi akabaza, kuthamangitsana m'misewu kwachitika kwa zaka zambiri ndipo sikunathetse kanthu. Lero alandidwa katundu, mkucha abwerera, chifukwa kunyumba ana akudikira chakudya. Khalani nawo pansi atsogoleri awo musanasankhe malo a msika watsopano, kuopa kumanga mashedi kumene ogula safikako.

Tsopano kwa inu akhristu anzathu. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ena mwa inu ndinu odulitsa ziphaso, ena alembi a zachuma m'makhonsolo, ena makontirakitala, ndipo Lamulungu mumakhala pamipando yakutsogolo. Paja pali kachitidwe kaja kakuti wamalonda apereke theka la mtengo wa chiphaso, wodulitsa aike m'thumba, chiphaso osang'ambidwa, onse awiri n'kusiyana akumwetulira. Kumeneko ndi kuba, ndipo akuba alipo awiri. Yohane Mbatizi sanauze okhometsa msonkho kuti asiye ntchito yawo, anawauza kuti asalandire zoposa zimene zinaikidwa. Lipirani zoyenera, tengani lisiti, ndipo lisitiyo ikupatseni mphamvu yofunsa. Musataye majumbo ndi matewera m'ngalande n'kumadzadandaula madzi akalowa m'nyumba. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, ma VDC ndi ma ADC, akamasankhidwa, musasiyire okhawo amene ali pafupi ndi chipani kapena ndi bwalo la mfumu. Amayi ndi achinyamata alowemo, popeza ndiwo amatunga madzi ndi kuima pamzere kuchipatala.

Khansala wanu mumamudziwa dzina? Ngati mumamufuna pa maliro pokha kuti agule bokosi, musadabwe akamafunafuna njira zobwezera ndalama zake. Ntchito yake ndi kutengera zofuna za wodi yanu ku khonsolo ndi kubwerera kudzakuuzani zimene zagamulidwa. Muitaneni adzachite zimenezo, ndipo mabwalo a matchalitchi athu ali okonzeka kulandira misonkhano yotere, bola ikhale ya anthu onse, a chipembedzo chilichonse, yopanda nsalu za chipani.

Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, choncho miyezi ya m'mbuyo mwake ndiyo nthawi imene makhonsolo amakonza bajeti zawo. Tikupempha mpingo uliwonse kuti usankhe anthu awiri kapena atatu odziwa kuwerenga mapepala a ndalama, pakati pawo pakhale mayi ndi wachinyamata, oti azikakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo ndi kudzafotokozera mpingo zimene amva. Ife abusa tidzapempha kukumana ndi akuluakulu a makhonsolo a m'dera lathu, pamodzi ndi abale athu achisilamu, kuti tikambirane za mabolodi a m'misika ndi zikwangwani za pa ntchito zachitukuko, ndipo zimene adzatiyankhe tidzakuuzani.

Kalatayi iwerengedwe m'matchalitchi onse pa mapemphero a Lamulungu ndi a Sabata, kenako ikambidwe m'milaga, m'miphakati, m'magulu a amayi ndi a achinyamata. Pempherani makhansala anu ndi onse ogwira ntchito m'makhonsolo powatchula mayina.

Ndife abusa anu mu utumiki wa Ambuye.