PAKHONDE LA MAKOLO: Mwana wamkazi akapempha nsapato za mpira



Ulendo uno tichoke kunyanja pang'ono, tikwere mtunda mpaka ku Thambani m'boma la Mwanza, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Mozambique. Ndasankha dala dera lakutali chotere chifukwa funso limene kholo la kumeneko lingafunse ndi lomwelo la kholo la ku Makanjira, ku Chipoka kapena ku Nkhotakota: mwana wamkazi akamathamangitsa chikulunga ndi anyamata pabwalo la sukulu, kodi njira imeneyi ikupita kuti?

Kale yankho linali lapafupi. Mtsikana ndi wa ntchemberembaye, mpira wamiyendo ndi wa anyamata, nkhani yatha. Lero yankho limenelo silikukwanira, ndipo alisokoneza ndi ana awiri a bere limodzi ochokera ku Rumphi.

Tabitha Chawinga anabadwa m'chaka cha 1996. Anayamba kusewera ndi anyamata kumudzi, kenaka ali ndi zaka pafupifupi 13 anapita ku Lilongwe kukalowa timu ya DD Sunshine. Mu 2014 anaoloka nyanja kupita ku Sweden, mu 2018 ku China, ndipo atafika ku Inter Milan ku Italy anamwetsa zigoli 23 m'nyengo ya 2022/23, kuposa wina aliyense mu ligi imeneyo. Anachitanso chimodzimodzi ku Paris Saint-Germain asanapite ku Lyon mu 2024. Mng'ono wake Temwa anadzera ku Blantyre Zero, Sweden ndi China, ndipo mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Timu ya dziko lino ya Scorchers nayo inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1.

Zonsezi nzokoma kumva pawailesi. Koma inu makolo taonetsetsani pamene ulendo wa Tabitha unayambira: mwana wa zaka 13 kuchoka pakhomo pa mayi ake kupita mumzinda. Apa ndi pamene pagona nkhani. Matimu akuluakulu a amayi ali m'mizinda, makamaka ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mtsikana wa ku Thambani kuti aonedwe ndi anthu a matimu amenewa ayenera kufika kaye paboma la Mwanza, kenaka makilomita ena pafupifupi 100 kukafika ku Blantyre. Akakafika akagona kwa yani? Sukulu akaipitiriza? Akadwala adzamuthamangira ndani?

Mantha amenewa si opanda pake. Tabitha mwini wake anafotokozera atolankhani mu 2021 kuti ali wamng'ono anakakamizidwa kuvula pabwalo chifukwa anthu ena ankakana kuti ndi mtsikana. Zochititsa manyazi zedi.

Choncho ine sindiona nzeru m'kungomuletsa mwana, komanso sindiona nzeru m'kumukweza minibasi ndi munthu amene mwangomudziwa dzulo chifukwa wati ndi "kochi". Chimene chikusowa ndi sitepe yoyamba: mipikisano ya atsikana ya pafupi ndi kwawo, sukulu ndi sukulu, mudzi ndi mudzi, yoti mwana asewere masana nkukagona kwawo. Imeneyi sifuna mamiliyoni. Ifuna mpira, wenzulo, aphunzitsi awiri atatu odzipereka, ndi amayi ena a m'komiti ya sukulu oti aziperekeza ana akamapita kukasewera kwina. Mwana waluso akaonekera pamenepo, a timu abwere okha kudzagwada pakhomo, akambirane ndi makolo ndi amalume, anene za sukulu ndi pogona, ndipo zolonjeza zilembedwe papepala. Sukulu ya mpira ya Ascent ku Lilongwe imaphatikiza maphunziro a m'kalasi ndi masewero, ndipo ndi kumene kunachokera Rose Kabzere amene anapita ku Montpellier ku France mu 2024.

Dziwaninso ichi: malamulo a FIFA saloleza, kupatula pa zifukwa zochepa, kuti wosewera wosakwana zaka 18 asamutsidwire ku timu ya dziko lina. Tabitha anapita ku Sweden m'chaka chimene anakwanitsa zaka 18. Wina akabwera ndi nkhani yoti mwana wanu wa Sitandade 8 amupezera timu kunja, bola mupereke ndalama ya pasipoti, mupatseni madzi akumwa, mumuperekeze.

Nanga za kavalidwe, zimene ndikudziwa kuti ambiri a ife tikuziganizira? Kuyambira mu 2014 malamulo a mpira amalola kusewera mutu uli wofunda, ndipo mu 2023 Nouhaila Benzina wa ku Morocco anasewera pa mpikisano wa dziko lonse atavala hijabu, malaya a manja aatali ndi chovala chofika m'miyendo. Mphunzitsi wa masewero akati mwana wanu avule mpango kuti alowe m'bwalo, muuzeni mwaulemu kuti lamulo limenelo linasintha kalekale.