Bowa angathe kufunditsa anthu okhala m'matenti, koma tiyambe msanga

Mukazula bowa, mumaona timaulusi toyera m'dothi lomwe wamerapo. Timaulusi timeneti ndi thupi lenileni la bowa, ndipo pa sayansi timatchedwa mycelium. Chimene timadya chija ndi chipatso chabe. Ine ndikuona kuti timaulusiti tingathandize anthu amene nyumba zawo zagwa ndi madzi, ngakhale pali zina zimene sizindisangalatsa.

Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Mumadula mapesi a chimanga tizidutswa, kuwaphika kuti majeremusi afe, kusakaniza ndi mbewu ya bowa, n'kuika m'chikombole. Pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo, timaulusi tija timakhala tayanga paliponse ndi kumata mapesiwo ngati guluu. Kenako mumaumitsa pa moto kuti bowa afe, apo ayi mudzadzuka m'mawa n'kupeza ndiwo zamera pakhoma!

Chotuluka ndi bolodi lopepuka, lodzaza ndi timabowo ta mpweya. Mukukumbukira mu Physics kuti kutentha sikudutsa msanga mu mpweya wosayenda, eti? Ndiye bolodili limasunga kufunda m'kati usiku ndi kutchinga kutentha kwa malata masana. Likagwira moto limapserera pamwamba, silisungunuka ngati pulasitiki.

Si maloto. Mu 2007 Eben Bayer ndi Gavin McIntyre anayambitsa kampani ya Ecovative ku America pa ntchito yomweyi. Mu 2014 ku New York anamanga nsanja yotchedwa Hy-Fi ndi njerwa pafupifupi 10,000 za mapesi ndi mycelium, ndipo ataigwetsa, njerwazo anazisandutsa manyowa.

Taganizani tsopano za namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, anthu oposa theka la miliyoni atasowa pokhala. Tenti imatchinga mvula basi. Chiperoni cha ku Mulanje chikafika, mwana wogona m'menemo amazizidwa ndithu.

Vuto ndi ili: bolodili limamwa madzi, ndipo likanyowa nthawi yaitali limachita chuku. Choncho liikidwe m'kati, kunsi kwa denga, osati panja. Vuto lina ndi nthawi. Bowa sathamangitsidwa, ndipo banja lomwe nyumba yagwa lero silingadikire masabata awiri. Ndiye ine ndingati mabolodiwa azipangidwa mu Juni ndi Julayi, mapesi ali mbwee m'minda anthu asanawatenthe, n'kusungidwa pouma kudikira dzinja. Alimi a bowa a oyster alipo kale kuno, ndipo theka la lusoli akulidziwa.