Suweji imafuna chisamaliro cha tsiku ndi tsiku

Suweji ndi mapaipi apansi pa nthaka amene amasonkhanitsa madzi oipa ochokera m'zimbudzi zogejemula, m'mabafa ndi m'makhitchini, n'kupita nawo kumalo amodzi kokayeretsedwa. Mapaipiwa amayalidwa motsetsereka kuti zonyansa ziziyenda zokha, ndipo pomwe pali chitunda amaikapo pampu. Mumzinda wa Lilongwe, zambiri mwa zonyansazi zimathera m'madamu a ku Kauma. Kumeneko matope amadikha pansi, tizilombo tosaoneka ndi maso timawoletsa zotsalira, ndipo dzuwa limathandiza kupha majeremusi madziwo asanalowe mumtsinje wa Lilongwe.

Vuto lofala kwambiri ndi kutsekeka kwa mapaipi, ndipo kawirikawiri limayambira m'nyumba. Matewera, majumbo, zisanza ndi mchenga wotsukira mapoto sizisungunuka m'madzi. Mafuta ophikira akazizira amaundana m'paipi n'kumakola zinyalala zina. Paipi ikatsekeka, zonyansa zimasefukira kwa anthu okhala kumunsi, omwe mwina sadataye kalikonse. Mizu ya mitengo nayo imalowa m'malo olumikizira mapaipi, ndipo akuba akazula zivundikiro zachitsulo za maenje oyendera suweji, miyala ndi dothi zimakokolokera momwemo. Ena amalozetsa madzi a padenga mu suweji, zomwe zimadzaza mapaipi ndi madamu mopyola muyeso nthawi ya dzinja.

Oyang'anira suweji ali ndi ntchito yosadikira kuti pawonongeke kaye. Amayenera kuyendera maenje aja pafupipafupi, kutsuka mapaipi ndi ndodo zachitsulo kapena madzi amphamvu, kukonza mapampu ndi kusunga mapu osonyeza modutsa paipi iliyonse, kuti anthu asamange nyumba pamwamba pake. Kumadamu, matope akachuluka amafunika kuwoledwa, apo ayi madzi amatuluka asanayere. Madzi otulukawo ayenera kupimidwa nthawi ndi nthawi, makamaka kumene mafakitale amathira zoipa zawo m'mapaipi omwewo, monga ku Blantyre komwe mtsinje wa Mudi wakhala ukuipitsidwa kwa zaka zambiri.

Zotsatira za kulekerera zidaoneka ku Area 18 ku Lilongwe mu Julayi 2017, pomwe zonyansa zochokera m'paipi ya suweji yowonongeka zidalowa m'paipi ya madzi akumwa n'kutulukira m'mipopi ya m'nyumba za anthu. Nkhaniyo idakafika mpaka kukhoti. Kolera, taifodi ndi matenda otsekula m'mimba amafala m'njira yomweyi.

Zonsezi zimalira ndalama. Makhonsolo ndi mabungwe a madzi ayenera kupatula chaka ndi chaka thumba lokonzera mapaipi akale, osangodalira ngongole zomangira atsopano. Eni nyumba nawo azilipira misonkho ya mzinda, aziponya zinyalala m'bini osati m'chimbudzi, ndipo akaona suweji ikusefukira kapena chivundikiro chabedwa, azikanena kukhonsolo tsiku lomwelo.