Matsagwidi: kulondola mapazi a kachirombo

Kwa anthu ambiri, matsagwidi ndi nthenda ya ana. Mwana amatupa masaya, thupi n'kutentha, koma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amapezeka akusewera ndi anzake. Komatu zomwe zidachitika m'dziko la America mu 2006 zidaonetsa kuti nthendayi si yoipeputsa.

Chaka chimenecho anthu oposa 6,500 adadwala matsagwidi. Mliriwu udakula kwambiri m'chigawo cha Iowa, ndipo ambiri mwa odwalawo adali ophunzira a m'makoleji omwe adabayitsa katemera ali ana. Funso lidali lakuti: kodi katemera watha mphamvu, kapena kachirombo kasintha?

Pofuna yankho, akatswiri adayamba kuwerenga majini a kachiromboko. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limagawa tizirombo ta matsagwidi m'mitundu 12, yomwe imadziwika ndi zilembo zoyambira A mpaka N, kupatula E ndi M. Kuti adziwe mtundu, akatswiri amatenga malovu m'kamwa mwa wodwala ndi kuunika kachigawo kakang'ono ka majini kotchedwa SH, komwe kamasiyana kwambiri pakati pa mtundu wina ndi unzake.

Zotsatira zidaonetsa kuti kachirombo ka ku Iowa kadali ka mtundu wa G, womwe udali utangovuta ku England ndi Wales, komwe madokotala adalemba odwala oposa 56,000 mu 2004 ndi 2005.

Apa mpomwe padagona nkhani. Katemera yemwe America imagwiritsa ntchito ngwochokera ku mtundu wa A. Adampanga ndi katswiri Maurice Hilleman kuchokera ku kachirombo komwe adatenga kukhosi kwa mwana wake Jeryl Lynn mu 1963. Ena adakayika ngati katemera wa mtundu wa A angatchinge mtundu wa G.

Kafukufuku waonetsa kuti amatchinga ndithu, ngakhale mphamvu yake pa mtundu wa G imatsikirapo pang'ono. Vuto lalikulu ndi loti chitetezo chimanka chichepa zaka zikamapita, ndipo kachirombo kamapezerapo mwayi pomwe achinyamata akugona mothithikana. N'chifukwa chake mu 2017 alangizi a katemera m'dzikolo adavomereza kuti omwe ali pachiopsezo pomwe pabuka mliri azibayidwa kachitatu.

Koma chithunzi cha mitundu 12 ija chili ndi mipata. Zambiri zomwe zikudziwika zimachokera ku Ulaya, America ndi maiko ena a ku Asia. Maiko ambiri a mu Africa sapereka katemera wa matsagwidi kwa ana onse, ndipo nthendayi siyezedwa kawirikawiri. Ku Malawi, katemera yemwe adayamba kuperekedwa mu 2017 ngwa chikuku ndi rubella, wopanda matsagwidi.

Chonsecho nthendayi imatha kugonthetsa mwana, kuyambitsa matenda oumitsa khosi, kapena kutupitsa ziwalo zoberekera za anyamata otha msinkhu.

Phindu la kuwerenga majini Amalawi adaliona mu 2022, pomwe poliyo yemwe adagwira mwana wina ku Lilongwe adapezeka kuti gwero lake ndi ku Pakistan. Luso ndi lomwelo. Dziko lomwe lidzaganize zoyamba katemera wa matsagwidi lidzafunika kudziwa kaye mitundu yomwe ikuzungulira pakati pa anthu ake, apo ayi lidzasowa poyezera ngati katemerayo akugwira ntchito.