Pakhonde la Amalume: Ana amene tinatsazikana nawo chapatali

Yalani mkeka mukhale bwino, pakuti ya lero ndi yotalikirapo.

Masiku apitawa ndinaitanidwa ku mwambo wotsazikana ndi ana a Folomu 4 pa sekondale ina yoyendera kwathu kuno. Mbuzi inagwa, mpunga wa m'dambo mwathu muno unaphikidwa m'miphika ikuluikulu, aphunzitsi analankhula, makolo anafupa ana awo, nthungululu zili pokopoko. Ndili chikhalire pa benchi la makolo, maganizo anga anabwerera kwa ana ena amene sanalawe zonsezi, a Folomu 4 a chaka cha 2020. Mmodzi mwa iwo ndi mwana wa chemwali anga, ndipo nkhani yake ili ndi mbali imene imandichititsa manyazi ine mwini. Ndaganiza zoiulula pano, kuti mwina mwinimbumba wina asadzaterereke pamene ine ndinatsala pang'ono kugwera.

Tiyambe takumbutsana mmene zinayendera. Pa 20 Malichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha matenda a Covid-19, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa, kuyambira pulaimale mpaka yunivesite. Apo n'kuti m'Malawi musanapezeke ndi munthu mmodzi yemwe wodwala matendawa, pakuti atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Ana anabwera kunyumba ndi makope awo akuganiza kuti ndi tchuthi cha masabata ochepa chabe. A Folomu 4 anali atatsala ndi miyezi itatu yokha kuti alembe mayeso a MSCE, amene zaka zimenezo ankalembedwa cha mu Juni ndi Julayi.

Ramadhani inalowa chakumapeto kwa Epulo ana ali pakhomo. Idi inadutsa chakumapeto kwa Meyi ana ali pakhomo. Hajji ya chaka chimenecho sinalandire ndi mlendo mmodzi yemwe wochokera kunja kwa Saudi Arabia. Pa 23 Juni tinakavotanso chisankho cha pulezidenti, boma linasintha, koma zitseko za makalasi zinali chitsekekere. Boma linayesa kuphunzitsa ana kudzera pa wailesi ndi pa intaneti, koma nonse mukudziwa kuti m'midzi mwathu muno foni yokhala ndi intaneti inali ya anthu owerengeka, ndipo wailesi imadya mabatire. Tsono anyamata ena anatsikira kunyanja kukathandiza asodzi a usipa, ena anayamba kabaza pa Golomoti, atsikana n'kumakhalira kupirikitsa mbalame m'minda ya mpunga, kenaka kumweta ndi kupuntha.

M'mwezi wa Julayi, kwathu kunafika ankhoswe. Anatumidwa ndi mnyamata wina amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Anali mnyamata waulemu, wosaphonya swala, wa makolo odziwika bwino, ndipo anali atagula kale malata. Ankafuna mwana wa chemwali angayo, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 17. Ine monga mwinimbumba ndinawayankha mwa mwambo kuti ndamva, ndiyambe ndakambirana ndi eni ake. Koma kunena zoona, abale anga, mumtima ndinali nditavomera kale. Ndinkati sukulu yatha basi, palibe akudziwa tsiku lotsegulira, ndiye kuli bwino mwana alowe m'banja mwaulemu kusiyana n'kuti atichititse manyazi ali pakhomo.

Si kuti malamulo sindinkawadziwa ayi. Ndinkadziwa kuti lamulo la maukwati la chaka cha 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndiponso kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi. Ndinkadziwanso kuti dera lathu lino pa nthawiyo linali la Inkosi Theresa Kachindamoto, imene inatchuka mpaka kunja kwa dziko chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Zonsezi ndinkazidziwa, koma mantha amam'pangitsa munthu kuiwala zimene akudziwa.

Amene anandibweza ndi chemwali anga, munthu wosalankhulalankhula. Anandiuza kuti: "Achimwene, inu bambo anakusiyani pasukulu mpaka munagwira ntchito ya m'boma. Ine anandichotsa ndili Sitandade 5 kuti ndikakwatiwe. Sindinadandaulepo pamaso panu. Koma uyu yekha ndisiyireni." Mwanayo titamuitana anagwada chapatali, nati: "Amalume, boma likadzanena lokha kuti sukulu sizidzatsegulidwanso, ndidzakumverani. Koma lisananene, ndiloleni ndidikire." Ndinasowa choyankha. M'mawa mwake ndinapita ndekha kukawabweza ankhoswe aja mwaulemu, ndipo iwonso, Mulungu awadalitse, sanakwiye.

Si mabanja onse amene anali ndi mayi wolimba mtima ngati ameneyu. Kafukufuku amene boma linachita chaka chomwecho anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka, atsikana achichepere oposa 40,000 anatenga mimba, ndipo panachitika maukwati a ana pafupifupi 13,000. Amenewa ndi ana a anthu, ena mwa iwo a m'midzi yathu yomwe ino, ena ophunzira nawo madrasa amodzi ndi ana athu.

Pa 7 Sepitembala 2020, patatha miyezi isanu ndi theka, a Sitandade 8 ndi a Folomu 4 anabwerera m'kalasi, ndipo ena onse anatsatira pa 12 Okutobala. Mwana wathuyo anabwera tsiku loyamba n'kutiuza kuti m'kalasi muli mipata yambiri. Ina inali yotalikirana dala monga ananenera a zaumoyo, koma ina inali ya anzake amene sanabwerere. Mnzake wapamtima, amene ankayenda naye ulendo wa kusukulu kuyambira Folomu 1, anali m'gulu limeneli.

Otsalawo anawerenga usana ndi usiku, tinsalu tili kukamwa, ndowa ya madzi ndi sopo ili pakhomo la kalasi. Mayeso anayamba mu Okutobala. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Ana ali m'kati molemba, zinadziwika kuti mapepala a mayeso abedwa ndipo akuyenda pa mafoni. Pa 4 Novembala nduna ya maphunziro, mayi Agnes NyaLonje, inalengeza kuti mayeso onse a MSCE athetsedwa. Mwana amene sanaonepo pepala lobedwa, amene kwawo kulibe ndi foni yomwe yolandirira pepalalo, analangidwa pamodzi ndi akuba. Usiku umenewo mwana wathu sanadye nsima. Ine ndinakhala pakhonde ndikudzifunsa ngati sindinalakwe kuwabweza ankhoswe aja.

Mayeso obwereza anayamba pa 5 Januwale 2021, ndipo anakumanizana ndi nthawi imene matenda aja anafika poipitsitsa. Pa 12 Januwale dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Patangopita masiku ochepa sukulu zinatsekedwanso, koma olemba mayeso analoledwa kupitiriza. Ndiye taganizani, ana a makalasi ena onse ali kunyumba, pasukulu pali zii, mvula ikugwa, uthenga wa maliro ukumveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, ana athu okha ali pa madesiki kulemba mayeso amodzimodzi kachiwiri.

Za phwando panalibe woziganiza. Ndalama zochepa zimene makolo tinasonkha kumayambiriro kwa chaka zinali zitathera ku sopo ndi ndowa. Misonkhano ya anthu ambiri inali yoletsedwa, kugwirana chanza kunali koletsedwa. Zinaoneka kuti ana adzangotuluka m'chipinda cha mayeso n'kubalalika ngati anthu obwera kumsika.

Amayi ndi amene anakana. Anauzana pachitsime ndi m'minda kuti tsiku la pepala lomaliza aliyense aphike kampunga kunyumba kwake, akamange m'timapaketi. Tsikulo litafika tinaima m'mbali mwa njira yochokera pasukulu, motalikirana monga mitengo ya magetsi, Asilamu ndi Akhristu omwe, ena atafunda maambulera, ena masaka. Ana akutuluka mmodzimmodzi, mphunzitsi wamkulu anaima pansi pa mtengo n'kumaitana dzina la mwana aliyense mokweza, ife n'kumaomba m'manja. Atatha mayina a amene analemba, anaitananso mayina a amene anayamba nawo Folomu 4 koma sanafike tsikulo. Pamenepo manja sanaombedwe, ndipo amayi ena anagwetsa misozi. Shehe wathu anapanga duwa yaifupi ali chiimire patali, mkulu wa mpingo wina naye anapemphera, ana anatola timapaketi tawo pa tebulo, basi mwambo unathera pomwepo. Sunakwane ndi ola limodzi lomwe.

Ndakhalapo pa miyambo yotsazikana yambiri, ina ya nyama yosatha, koma umenewu ndi umene unandiphunzitsa chimene timatsazikirana. Kwathu kuno munthu sanyamuka ulendo wautali mwakachetechete. Amapita kwa akuluakulu kukatsazika, amapempha chikhululuko kwa amene anawalakwira, iwo amamupangira duwa n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Mwana womaliza sukulu naye ali pa ulendo wotere. Amafuna kumva dzina lake likutchulidwa pamaso pa anthu a kwawo, kuti adziwe kuti mitunda imene anayenda zaka zinayi, nthawi zina ndi njala, anthu anaiona. Mbuzi ndi zovala zatsopano ndi zongokometsera, ndipo makolo amene amakongola ndalama za katapira chifukwa cha tsiku limodzi aganizepo bwino pamenepa.

Zotsatira zitatuluka, mwa ana 100 alionse amene analemba m'dziko muno anakhoza pafupifupi 41 okha. Mwana wathu sanali m'gulu la okhozawo. Apa mpamene ndinayesedwa kachiwiri, chifukwa anthu ena anayamba kundiseka kuti ndinakana malata n'kutola mphepo. Koma ulendo uno sindinagwedezeke. Tinagulitsa matumba a mpunga, anabwereza, ndipo chaka chotsatira anakhoza. Lero ndi mphunzitsi wa pulaimale, ndipo anakwatiwa pa nthawi yake ndi mwamuna wa kumtima kwake, ine ndemwe ndili mboni pa nikah. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ndili ndi mawu atatu kwa inu makolo anzanga.

Oyamba ndi akuti sukulu zidzatsekedwanso, chifukwa mavuto sanathere pa Covid-19. Mu Januwale 2023 kolera anachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsa sukulu m'chigawo cha kummwera. Kuno kwathu mitsinje ikadzaza ana amakhala masiku osaoloka. Zikadzachitikanso, tisadzaone ngati mwana wamaliza sukulu chifukwa choti chitseko chatsekedwa. Ankhoswe akadzabwera nthawi yotero, yankho likhale lakuti adikire. Wofunadi mwana wanu adzadikira.

Achiwiri ndi okhudza mayina aja amene sanaomberedwe m'manja. Eni ake alipo, tikukumana nawo pachigayo ndi kusikelo ali ndi ana kumbuyo. Ambiri amaganiza kuti mwayi wawo unapita, pamene si choncho. Kuyambira chaka cha 1993 boma limalola mtsikana amene anabereka kubwerera kusukulu. M'masekondale ambiri muli makalasi a masana a anthu amene sangathe kuphunzira m'mawa, ndipo bungwe la MANEB limalola munthu kulembetsa mayeso a MSCE ngakhale atasiya sukulu kalekale. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu womulimbitsa mtima, womulipirira mayeso, ndi womugwirira mwana maola ochepa. Apongozi, amuna awo, amalume, ntchito imeneyi ndi yathu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mnzake uja wa mwana wathu analembetsa chaka chatha, ndipo amene amamuphunzitsa masamu madzulo ndi mnzake yemwe uja ankayenda naye.

Achitatu ndi pempho. Ana a 2020 tili nawo ngongole ya chanza. Tinawatsazika chapatali, manja ali kumbuyo, nkhope zobisika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalengeza mu Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma ife sitinabwerere kukamaliza mwambo uja. Bwanji pa Idi ikubwerayi, mzikiti uliwonse kapena mudzi uliwonse uitane ana ake a chaka chimenecho, okhoza, olephera ndi osamaliza omwe, pamodzi ndi anzawo a mipingo ina amene anaphunzira nawo, adzadye nafe mpunga mbale imodzi? Sipafunika ndalama zambiri. Pafunika kuwaitana mayina, kuwagwira chanza, ndi kuwafunsa pamene afika ndi pamene tingawathandize.

Ine ndayamba kale kulemba mayina a m'mudzi mwathu, ndipo chemwali anga ati mpunga wa tsikulo ndi wawo. Amene muchite zimenezi kwanuko, tilembereni kudzera kwa mkonzi kuti tidzauze anzathu mmene zayendera. Tikumananso pakhonde pano miyezi itatu ikubwerayi, Insha Allah.

Ndine wanu,
Amalume a ku Bwanje